Koleji ya m'sutikesi: mmene anthu ankaphunzirira kudzera m'makalata

Tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi kukathandiza amalume anga kusamutsa katundu, chifukwa denga la chipinda chawo linayamba kudontha. Pansi pa bedi panali sutikesi yachitsulo yomwe ndakhala ndikuiona kuyambira ndili mwana, koma ndinali ndisanaitsegulepo. Titaitsegula sitinapezemo zovala. Munali mapepala okhaokha, omangidwa m'mitolo ndi ulusi, ena atadyedwa m'mbali ndi njenjete. Pa maenvelopu ambiri panali masitampa a nkhope ya mfumukazi ya ku England.

"Amalume, zimenezi n'chiyani?"

"Imeneyo ndi koleji yanga, mphwanga," anatero akuseka. "Yonse inakwana mmenemo."

M'zaka za m'ma 1970 amalume anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Ankafuna kukwezedwa kuti azisunga mabuku a ndalama, koma analibe pepala. Kusiya ntchito n'kubwerera kusukulu sikukanatheka, pakhomo panali ana atatu odikira nsima. Ndiye analembetsa ku koleji ina ya ku England yomwe inkaphunzitsa kudzera m'makalata. Phunziro linkabwera pa positi. Iwo ankaliwerenga usiku pa koloboyi, n'kuyankha mafunso, n'kutumiza. Pakapita masabata angapo, pepala lomwelo linkabwerako litachongedwa.

Chimene chinandigwira maso chinali inki yofiira. Pafupifupi pepala lililonse linali ndi ndemanga za mphunzitsi amene amalume sanamuonepo nkhope mpaka lero. Ndinakhala pansi n'kuyamba kudzifunsa: zinatheka bwanji kuti anthu akhale maloya, akauntanti ndi mainjiniya asanapondepo m'kalasi ya koleji? Nditafufuza mbiri yake ndinapeza kuti panafunika zinthu zitatu, positi yotchipa, mayeso ovomerezeka, ndi munthu wochonga ntchito yako n'kukubwezera. Chachitatuchi ndicho chinali mtima wa nkhani yonse, ndipo chikukukhudzani inuyo amene mukukonzekera JCE kapena MSCE. Tiyeni tiyambire kumayambiriro.

Zinayamba ndi mtengo wa kalata

Maganizo ophunzitsa munthu wakutali ndi akale ndithu. Mu 1728 mphunzitsi wina wa ku Boston, ku America, dzina lake Caleb Phillips, analengeza m'nyuzipepala ya Boston Gazette kuti anthu okhala kunja kwa mzindawo akhoza kumalandira maphunziro ake sabata ndi sabata. Ankaphunzitsa shorthand, luso lolemba mofulumira ndi tizizindikiro m'malo mwa zilembo, moti umatha kulemba mawu a munthu uku iye akulankhula. Nthawi imeneyo kunalibe makina ojambulira mawu, choncho luso limeneli linali ndi msika m'makhoti ndi m'maofesi.

Vuto linali loti kalata inali yodula. Ku Britain chisanafike chaka cha 1840, mtengo wa kalata unkatengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala, ndipo kawirikawiri wolipira anali wolandira. Kalata ya pepala limodzi yochoka ku London kupita ku Edinburgh inkadya kuposa sheleni imodzi, kutanthauza makobiri oposa 12. Kwa wantchito wamba imeneyo inali mbali yaikulu ya malipiro a tsiku lonse. Ndani akanakwanitsa kutumizirana makalata ndi mphunzitsi sabata iliyonse?

Mphunzitsi wina, Rowland Hill, anachita masamu omwe inunso mungachite. Anatenga ndalama zoyendetsera ngolo ya makalata pa ulendo umodzi wa ku Edinburgh n'kuzigawa molingana ndi katundu amene inkanyamula. Anapeza kuti kunyamula kalata imodzi kunkangodya gawo limodzi mwa magawo 36 a kobiri. Nanga ndalama zinazo zinkathera kuti? Zinkathera kwa makalaliki owerengera mapepala ndi mitunda, ndi kwa wopereka makalata amene ankaima pakhomo lililonse kudikira kuti alipidwe. Mu 1837 Hill analemba kabuku kopereka njira yake: mtengo ukhale umodzi dziko lonse, uzitengera kulemera kwa kalata, ndipo wotumiza azilipiriratu.

Pa 10 Januwale 1840 boma linayamba kutsatira njirayi, kalata yopepuka kobiri limodzi basi, kaya ikupita pafupi kaya kutali. Mu Meyi chaka chomwecho panatuluka sitampa yomata yoyamba padziko lonse, Penny Black. M'chaka chimodzi chokha makalata anachuluka kuposa kawiri, kuchoka pa pafupifupi 76 miliyoni mu 1839 kufika pafupifupi 169 miliyoni mu 1840. Tangoganizani mtengo wa bandulo ya intaneti utatsika chonchi usiku umodzi.

Kalata yopita, kalata yobwera

M'chaka chomwecho cha 1840, Isaac Pitman wa mumzinda wa Bath anayamba kuphunzitsa shorthand yake pa positi. Anthu ambiri olemba mbiri amamutchula iyeyu ngati woyambitsa weniweni wa maphunziro a m'makalata, ngakhale Phillips anamutsogolera ndi zaka zoposa 100. Chifukwa chake n'choti Pitman ankauza ophunzira ake kulemba ndime zazifupi za m'Baibulo mu shorthand n'kumutumizira. Iye ankachonga, kukonza zolakwika, n'kubweza. Buku limangolankhula lokha, silidziwa ngati wamva. Kalata ya Pitman inkayankha zimene iweyo walemba. Ophunzira anachuluka mpaka mu 1843 panakhazikitsidwa bungwe la Phonographic Correspondence Society kuti anthu ena azithandiza kuchonga.

Njirayi inafalikira msanga. Mu 1856 ku Berlin, Charles Toussaint ndi Gustav Langenscheidt anayamba kuphunzitsa Chifalansa kwa Ajeremani m'makalata. Mwina mukufunsa kuti katchulidwe ka mawu ungakaphunzire bwanji papepala. Iwo anakonza zizindikiro zawozawo zosonyeza mmene liwu lililonse liyenera kumvekera. Mu 1898 ku Malmö, ku Sweden, Hans Hermod anatsegula sukulu ya Hermods, yomwe inadzakhala imodzi mwa sukulu zazikulu za m'makalata ku Ulaya.

Pepala limene bwana angalikhulupirire

Kudziwa chinthu ndi kwina, kukhala ndi umboni woti ukuchidziwa ndi kwinanso. Amalume ankasunga kale mabuku a ndalama bwana wawo akachoka, koma malipiro sankasintha chifukwa panalibe satifiketi. Mbali imeneyi inakonzedwa ndi University of London. Mu 1858 yunivesiteyi inalandira chilolezo cha Mfumukazi Victoria choti munthu akhoza kulemba mayeso ake a digiri ngakhale sanaphunzire pa koleji iliyonse yolumikizana nayo, kupatula maphunziro a udokotala. Funso loti unaphunzira kuti linasiya kukhala lofunika. Ukakhoza mayeso, digiri ndi yako.

Mu 1865 mayeso a yunivesiteyi analembedwa koyamba kunja kwa Britain, pachilumba cha Mauritius. Mapepala a mafunso ankayenda pa sitima yapamadzi atamatidwa, mayankho n'kubwerera ku London kukachongedwa. Mu 1878 inakhala yunivesite yoyamba ku Britain kulola amayi kulandira madigiri.

Apa pali chinthu chimene ambiri amasokoneza. Kwa zaka zambiri University of London inkangoyesa ophunzira akunjawa, siinkawaphunzitsa. Mpata umenewo unadzazidwa ndi makoleji oima paokha a m'makalata, monga University Correspondence College yomwe William Briggs anayambitsa mu 1887, ndi Wolsey Hall ya ku Oxford yomwe inayamba mu 1894. Wophunzitsa anali wina, woyesa anali wina. N'chimodzimodzi ndi mmene zilili kwa inu, aphunzitsi anu amakuphunzitsani koma mayeso amachokera ku MANEB. Dongosolo lotere limapatsa pepala ulemu, chifukwa amene wadya fizi yako si amene akunena kuti wakhoza.

Ku America, University of Chicago itatsegulidwa mu 1892, mkulu wake William Rainey Harper anaikamo nthambi ya maphunziro a m'makalata kuyambira pachiyambi. Iye anali ataphunzitsapo kale Chiheberi mwa njira yomweyi. Ku Australia, dziko la mitunda italiitali, University of Queensland inatsegula nthambi yotere mu 1911.

Nanga sayansi ingalowe mu envelopu?

Limeneli ndi funso limene ine ndinali nalo kwambiri. Mbiri ndi malamulo mukhoza kuwerenga, koma sayansi imafuna kugwira ndi manja.

Mu 1873 mayi wina wa ku Boston, Anna Eliot Ticknor, anayambitsa bungwe la Society to Encourage Studies at Home lothandiza amayi kuphunzira ali pakhomo, pa nthawi imene makoleji ambiri sankalandira akazi. Wophunzira aliyense ankapatsidwa mphunzitsi wolemberana naye mwezi ndi mwezi. M'zaka 24 amayi oposa 7,000 anadutsamo. Mmodzi mwa aphunzitsi a sayansi anali Ellen Swallow Richards, mkazi woyamba kuloledwa kuphunzira pa MIT, katswiri wa Chemistry. Iye ankatumizira ophunzira miyala yoti aiyese, ngakhalenso maikulosikopu, makina oonera tinthu ting'onoting'ono aja. Tebulo lakukhitchini linkasanduka labotale.

Kwina maphunzirowa anali nkhani ya moyo ndi imfa. M'migodi ya malasha ya ku Pennsylvania ngozi zinali zosatha. Mu 1869 moto wa mumgodi wa Avondale unapha anthu 110. Adani akulu a mumgodi wa malasha ndi moto ndi mpweya woipa. Mwachitsanzo mpweya wa methane umatuluka m'malasha, ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo ukafika pakati pa magawo 5 ndi 15 pa magawo 100 alionse a mpweya wa mumgodi, kamoto kakang'ono n'kokwanira kuphulitsa malo onse. Kapitawo wa mumgodi amayenera kudziwa kuwerengera mpweya wabwino umene ukufunika kupopedwa kuti methane asafike pamenepo. Mu 1885 boma la Pennsylvania linalamula kuti akapitawo azikhoza kaye mayeso. Koma ambiri mwa anthu a m'migodi anasiya sukulu ali ana, masamu analibe.

Mkonzi wa nyuzipepala ya za migodi, Thomas J. Foster, anayamba n'kuyankha mafunso awo m'nyuzipepala yake. Ataona kuti mafunso sakutha, mu 1891 anatsegula maphunziro a m'makalata mumzinda wa Scranton. Timabuku take tinali tating'ono, tolembedwa m'chilankhulo chosavuta, ndipo wophunzira sankapita patsogolo asanakhoze phunziro limene ali nalo. Sukuluyi inadzatchedwa International Correspondence Schools, ndipo m'zaka zochepa inali ndi ophunzira masauzande mazanamazana a zamagetsi, zomangamanga ndi zamakina.

Patapita zaka 80, Open University ya ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 1969 n'kulandira ophunzira oyamba pafupifupi 25,000 mu 1971, inapititsa nzeru ya Richards patsogolo. Ophunzira a sayansi ankalandira bokosi pakhomo, muli kamaikulosikopu, timabotolo ta galasi ndi mankhwala oyesera. Mabuku ankabwera pa positi, maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi ndi kanema wa BBC, ndipo kamodzi pachaka ankakumana sabata imodzi pa yunivesite ina kuti agwire zipangizo zikuluzikulu. Polowa sankafunsa satifiketi ya sekondale.

Makalata olowa m'ndende

Kuno ku Africa dzina lalikulu ndi UNISA, University of South Africa. Inayamba mu 1873 ngati University of the Cape of Good Hope, ndipo monga ya London ija, ntchito yake inali kuyesa basi. Mu 1946 inayamba kuphunzitsa yokha kudzera m'makalata. Pa nthawi ya tsankho, pamene zitseko za mayunivesite ambiri zinali zotsekedwa kwa anthu akuda, envelopu inkalowa kulikonse, ngakhale m'ndende.

Nelson Mandela anamaliza digiri yake yoyamba kudzera ku UNISA akugwira ntchito ku Johannesburg, atachoka ku Fort Hare asanamalize. Atamangidwa anayamba digiri ya zamalamulo ya University of London. Mu 1964, kutatsala masiku ochepa kuti khoti ligamule mlandu wa Rivonia, womwe chilango chake chikanatha kukhala kunyongedwa, iye ankalemba mayeso a yunivesiteyo. Ku Robben Island kuphunzira kunali mwayi umene oyang'anira ndende ankatha kuulanda, ndipo atapeza zolemba za mbiri ya moyo wake zimene anazikwirira m'dimba, anamuletsa kuphunzira kwa zaka zinayi. Digiri ya London sanaimalize. Ya zamalamulo anadzaipeza ku UNISA mu 1989, akadali mkaidi, atakwanitsa kale zaka 70. Chaka chotsatira, pa 11 Febuluwale 1990, anatuluka.

Sukulu yanu mwina inabadwa m'makalata

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, masukulu a sekondale anali owerengeka. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri ndi ophunzira osakwana 100. Amene ankafuna pepala la uakauntanti kapena digiri koma sanapeze malo ankachita zomwe anachita amalume, kulembetsa ku makoleji akunja.

Mu 1965 momwemo boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene makolo athu amangoti MCC, kuti ana amene sanasankhidwe kupita ku sekondale apitirize sukulu. Maphunziro ankasindikizidwa m'timabuku n'kutumizidwa, ena ankaulutsidwa pa wailesi. Posakhalitsa zinaoneka kuti mwana wa zaka 15 savutika pang'ono kuphunzira yekha pakhomo, choncho m'madera munatsegulidwa malo oti ophunzira azikumana pali mphunzitsi wowayang'anira. Kolejiyi inadzasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education, malo aja n'kumatchedwa ma DEC. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa ma DEC kukhala ma CDSS. Ndiye ngati mukuphunzira pa CDSS yakale ndithu, kafunseni a hedi kapena agogo a pafupi ndi sukulupo. Mwina mukukhala pa malo pamene anthu ankadikirira mtolo wa timabuku kuchokera ku Blantyre.

Sayansi ya inki yofiira

Tibwerere ku sutikesi ija. Pa pepala lina ndinawerenga madeti atatu. Amalume analemba ntchitoyo pa 4 Febuluwale, mphunzitsi anachonga pa 25 Febuluwale, ndipo amalume analemba pakona kuti ailandira pa 19 Malichi. Masabata asanu ndi limodzi! Mphunzitsiyo anazunguliza nambala imodzi n'kulemba kuti yaikidwa mbali yolakwika ya buku la ndalama, ndipo anafotokoza chifukwa chake m'mizere itatu.

"Vuto lake linali apa," anatero amalume. "Pamene kalatayi inkafika n'kuti nditatumiza kale maphunziro ena awiri, onse ndi cholakwa chomwechi. Ndinachita kuchizula ngati chitsa."

Mu Biology mumaphunzira mmene thupi limasungira kutentha kwake pafupi ndi madigiri 37. Ubongo umayeza kutentha kwa magazi, umayerekeza ndi mlingo woyenera, ndipo kukakwera umalamula thukuta kuti lituluke. Kenako umayezanso. Kuyeza, kuyerekeza, kukonza, kuyezanso. Tsono taganizani uthenga woti thupi latentha ukanamafika ku ubongo patapita maola awiri. Kuphunzira kumayendanso chimodzimodzi. Umayesa, wina amakuonetsa pamene waphonya, umakonza. Uthengawo ukachedwa, cholakwa chimamera mizu.

Kodi kuchedwaku kuli ndi mphamvu yoti n'kuiyeza? Katswiri wina wa ku Norway, Torstein Rekkedal, anayesa zimenezi pa sukulu ya m'makalata ya NKI n'kutulutsa zotsatira mu 1973. Anagawa ophunzira m'magulu awiri. Phunziro linali limodzi, koma anakonza zoti ntchito za gulu lina zizibwerera msanga, m'masiku osakwana 6, pamene za gulu linalo zinkatenga masiku oposa 8. Pa ophunzira 100 alionse a gulu lofulumiralo, 91 anamaliza maphunziro. Pa gulu linalo anamaliza 69. Kafukufukuyu anali wa phunziro limodzi pa sukulu imodzi, choncho tisamutenge ngati lamulo la chilengedwe. Komabe kusiyana kwa masiku osakwana atatu kunaoneka m'chiwerengero cha omaliza, ndiye ganizirani amalume ndi masabata awo asanu ndi limodzi.

Pali chifukwa china chimene makalata ankagwirira ntchito. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti zimene taloweza zimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono. Wophunzira wa m'makalata sankangowerenga, ankakakamizika kutulutsa zimene wawerenga n'kuzilemba m'mawu ake. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga kawiri. Ena anaiwerenga kamodzi, n'kuitseka, n'kulemba zonse zimene akukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, owerenga kawiri anapambana, anakumbukira mfundo 81 pa 100 pamene anzawo anakumbukira 75. Koma patapita sabata zinatembenuka, owerenga kawiri anatsala ndi 42, olemba aja 56. Kubwereza kuwerenga kumakupatsa mtima woti wadziwa. Kudzifunsa wekha kumawawa mutu, koma ndiko kumasunga.

Sikuti zonse zinali bwino

Ndisakunamizeni, anthu ambiri amene ankalembetsa maphunziro a m'makalata sankamaliza. Ena sankatumiza ngakhale ntchito yoyamba. Munthu waweruka atatopa, palafini watha, mwana wadwala, palibe belu, palibe mnzako wokufunsa kuti dzulo unali kuti. Katswiri wa ku Sweden, Börje Holmberg, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Hermods, ankaphunzitsa kuti phunziro labwino la wakutali lizilembedwa ngati kucheza kwa anthu awiri, kuti wophunzira azimva kuti kuseri kwa pepala kuli munthu amene akumuganizira.

Kunalinso akamberembere. Ena ankatsegula sukulu za dzina lokha, kulandira fizi, kutumiza timapepala topanda mutu, osachonga kanthu, kapenanso kungogulitsa satifiketi. Ku America zinafika poipa moti mu 1926 sukulu zochita zoona zinapanga bungwe la National Home Study Council kuti lizisiyanitsa zenizeni ndi zabodza. Akamberembere aja sanathe ayi, anangosamukira pa Facebook ndi WhatsApp. Mukadzaona chilengezo cha digiri ya miyezi itatu yopanda mayeso, dziwani kuti ndi msampha wakalekale wovala malaya atsopano. Safunsa anadya phula. Kuno kwathu bungwe la National Council for Higher Education ndilo limalembetsa ndi kuvomereza makoleji ndi mayunivesite, choncho musanalipire tambala, fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo zili pa mndandanda wawo. Funsaninso mafunso awiri awa: mayeso amalembedwa kuti, ndipo ntchito yanga adzachonga ndani, m'masiku angati?

Zikukukhudzani bwanji inuyo?

Chaka chilichonse okhoza MSCE amachuluka kuposa malo a m'mayunivesite a boma. Ena mwa inu mudzakhoza bwino koma dzina osatuluka. Tsiku limenelo lidzawawa, koma njira siidzakhala itathera pomwepo. Mzuzu University, LUANAR ndi Domasi College of Education ndi ena mwa masukulu amene ali ndi maphunziro a ODL, oti umaphunzira uli kwanu n'kumapita ku sukuluko nthawi zochepa. Envelopu yalowedwa m'malo ndi foni ndi kompyuta, ndipo ntchito imene inkayenda masabata atatu kupita ku England lero imafika m'kuphethira kwa diso. Chimene sichinasinthe n'choti pamafunikabe munthu wokhala pansi, kutseka buku, kulemba yankho lake, n'kulola kuti wina alichonge.

Luso limeneli mukhoza kuyamba kulizolowera panopa, ndipo mukhoza kuyesa nokha ngati zimene ndanenazi n'zoona. Pezani anzanu asanu ndi mmodzi kapena kuposa, mugawane magulu awiri pochita maere. Sankhani tsamba limodzi la Biology kapena Agriculture limene simunaphunzire. Gulu loyamba liwerenge mphindi 7, lipume pang'ono, liwerengenso mphindi 7. Gulu lachiwiri liwerenge mphindi 7, lipume, kenako litseke buku n'kulemba zonse zimene likukumbukira kwa mphindi 7. Pasapezeke wobwerera patsambalo. Pakatha sabata nonse mulembe zimene mukukumbukira, ndipo mnzanu amene sanali m'gulu lililonse awerenge mfundo zolondola asakudziwa kuti pepala ndi la ndani. Anthu ochepa chonchi zotsatira zikhoza kupita kulikonse, choncho bwerezani ndi tsamba lina mutasinthana magulu, muphatikize manambala.

Chachiwiri n'chosavuta. Aphunzitsi akakubwezerani pepala, musangoyang'ana malikisi n'kulipinda m'thumba. Lembaninso funso lililonse limene mwalakwa tsiku lomwelo. Ngati kalasi yanu ili ndi ana 100 ndipo mapepala amachedwa kubwera, sinthanani makope ndi mnzanu muchongerane mawa lake. Amene akukuonetsani cholakwa lero wakuthandizani kuposa amene adzakuonetseni mwezi wamawa.

Amalume anatenga zaka zinayi kuti amalize. Pepala limodzi analephera, analembanso chaka chotsatira ku Blantyre n'kukhoza, ndipo anawakwezadi pantchito. Fizi yanga ya Fomu 1 inachokera m'malipiro amenewo, zomwe ndinazidziwa tsiku lomwelo la sutikesi. Titamaliza kusamutsa katundu ndinawafunsa ngati ndingataye mapepala odyedwa ndi njenjete aja n'kusunga satifiketi yokha.

"Satifiketi tenga ukaisunge iweyo," anatero. "Ofiirawo undisiyire. Ndi amene anandiphunzitsa."